Chikwama Chachikasu cha Mzime

5 Meyi

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino ndipo mawondo aja akukulolanibe kupalasa makina osokera. Ine kuno ndili gwa, kungoti ndakusowani. Ndikanaimba foni kwa aphunzitsi oyandikana nanu aja kuti akupatseni, koma ndikudziwa makutu anuwo, bwenzi mukungoti “Ati chiyani?” mpaka foni kuzima. Ndiye bola kalata yomweyi. Ndapatsira amayi ogulitsa nsalu aja, pamodzi ndi phukusi mukulionalo. Musalitsegule musanamalize kuwerenga, mungakomoke.

Nkhani ndi iyi. Ntchito ya ku fakitale ya sopo ndaizolowera, koma maminibasi anandichedwetsa katatu mwezi watha, mpaka kapitawo anayamba kundiyang’ana ndi diso lofiira. Ndiye ndagula njinga. Eya, Amayi, njinga, khalani pansi kaye. Ndi ulendo wa mphindi makumi anayi basi: kutsetsereka mtunda wa kumsika, kuwoloka mlatho, kenako kutsata msewu waukulu mpaka pageti.

Vuto linali katundu. Ovololo, majombo, kontena ya chakudya, zonse ndinkaunjika m’chikwama changa chapaphewa chija. Tsiku lina chinatsetsereka, lamba n’kukola m’masipoko, ine n’kupezeka ndakhala m’ngalande, chakudya chili mbwee pamsewu. Ndinangosupuka chigongono, musayambe kulira.

Achimwene anabwera Loweruka, lole yawo ili kokonzedwa. Ataona chigongonocho anangoti, “Vala nsapato, tikagule chikwama chobereka kumsana.” Amayi, kugula chinthu ndi mwana wanu wachisamba uja ndi chilango. Ine ndinaona chakuda chokongola, cha zipi zagolide. Iwo anachitembenuza kamodzi n’kuchibweza. China akuti chakula, ndizilephera kucheuka. China akuti malamba ake ngolendewera, adzakola m’gudumu. China akuti chimamatirira kumsana, ndizikafika kuntchito nditanyowa ngati ndagwera m’chitsime. Wogulitsa mpaka anati, “Bwana, mukugula chikwama kapena mukufunsira mkazi?”

Mapeto ake anasankha chimene chili m’phukusimo. Chachikasu chobaya m’maso, chili ndi timizere tonyezimira uku ndi uku. Ndinati, “Achimwene, anthu aziti ndine wokonza misewu.” Iwo anati, “Aziti chilichonse, bola akuone.” Kenako ananditengera ku galaja ya kuntchito kwawo, n’kutseka zitseko zonse, n’kundiimika kumapeto nditachibereka. Iwo anakwera lole n’kuyatsa magetsi. Anakhala m’menemo nthawi yaitali. Atatsika anangoti, “Basi, n’chomwechi.” Maso anali ofiira, akuti unali utsi.

Tsono pempho langa ndi ili. Ndachigwiritsa ntchito masiku anayi okha, koma msoko wa lamba wakumanzere wayamba kale kumasuka, majombowa ngolemera. Mundisokere ndi ulusi wanu wolimba uja, mundiikirenso kalamba ka pachifuwa kuti chisamagwedezeke ndikamapalasa. Atelala kuno aliko, koma amasoka ngati akuthamangitsidwa. Pakadali pano ndizimangirira katundu pa kaliyala.

Mundiuze za kumeneko. Nkhuku yamawanga ija yaswa?

Ndine wanu,
Mzime


18 Meyi

Mwana wanga Mzime,

Kalata ndalandira, phukusi ndalandira. Kuno tili bwino, mawondo ndi omwe aja. Nkhuku yaswa anapiye asanu ndi awiri, koma kabawi watenga kale awiri. Watenga oyera okhaokha. Akuda aja akungoyenda pabwalo, sakuwaona n’komwe.

Za njingazo zandikhalitsa pamoto. Unali ndi zaka zinayi pamene bambo ako anatisiya, ndipo tinangokuuza kuti anadwala mutu. Lero wakula, imva. Bambo ako anayenda panjinga zaka khumi ndi zisanu, macheka ndi nyundo atakulunga m’thumba lakale la simenti, ndipo palibe anawaimitsapo. Chaka chimenecho anagula bokosi la zida latsopano, lofiira, lowala ngati galasi. Analimangirira pa kaliyala, akunyada nalo ngati mwana. Munthu unkaliona iwo ali kutsidya kwa dambo. Sabata yachitatu anthu awiri anawadikirira pa mitengo ya bulugama paja, dzuwa lili paliwombo. Bambo ako anakakamira bokosilo, iwo n’kuwamenya ndi chitsulo m’mutu. Anagona masiku asanu ndi limodzi osanena kanthu, lachisanu ndi chiwiri tinawaika.

Ndiye nditamasula phukusi lako n’kuona chinthu chikuyaka ngati moto, ndinachibwezera m’phukusi msanga. Mtsikana yekhayekha m’tauni, atabereka chinthu chokuwa kuti “ndili pano, bwerani”! Achimwene ako malole amawadziwa, sindikana. Koma akuba sawadziwa, ine ndimawadziwa.

Lamba ndasoka. Kalamba ka pachifuwa ndaika, malamba otsala ndapinda kuti asalendewere. Zina ndachita monga mayi, uziona wekha ukatsegula. Usandifunse, ndipo usayese kumasula. Ndasoka pamanja ndi ulusi wosokera nsapato, msoko wobwerera m’mbuyo uja, woti ukadula pamodzi kwinako sikusuntha. Zaka makumi atatu ndikusokera anthu, palibe anabwerapo pakhomo pano kudzati msoko wanga wamasuka.

Uzidya mokwanira. Uzindilembera Lachisanu lililonse, ngakhale mizere iwiri, amayi a nsaluwa sadandaula.

Amako


26 Meyi

Amayi anga okondedwa,

Inu ndinu katswiri! Nditatsegula ndinakuwa mpaka eni nyumba anathamanga kudzaona ngati mwalowa njoka. Chikwama chonse mwachiveka nsalu yakuda bii, mosalala, ngati chinabadwa choncho. Chikasu sichikuoneka ngakhale pang’ono. Ndipo nditanunkhiza ndinadziwa, ndi jekete la bambo la m’sutikesi lija. Thumba lake lam’kati mwalisiya kunja, ndikuikamo makiyi. Nkhani ya bambo ndinailira, Amayi, ndipo ndikachibereka ndimamva ngati andigwira paphewa.

Anzanga akuntchito ankanditcha Nthochi masiku anayi aja. Ndikangotulukira pageti, onse, “Nthochi yapsa!” Pano akundifunsa kuti ndinachigula sitolo iti. Koma chonde Achimwene asamve. Anyamuka ulendo wautali wa kunja kwa malire, abwera chapakati pa Juni. Akadzabwera ndidzaona chowauza.

Kuntchito atisinthira nthawi kuyambira Lolemba lapitali. Tsopano tikuyamba sikisi koloko, ndiye ndimanyamuka kusanayere bwino. Kukuzizira koopsa, ndipo pamlatho pamakhala chifunga choti ukatambasula dzanja zala zako suziona. Kanyale kofiira ka kumbuyo kwa njinga kanagwa sindikudziwa kuti, ndigula kena ndikapeza mpata.

Dzulo lole ina inandidutsa pafupi kwambiri, mphepo yake n’kundikankhira kuchitsulo cha mlatho. Hutala analiza atandipitirira kale. Wothandizira wake anatulutsa mutu n’kukuwa, “Iwe mzukwa, ukuoneka ngati?” Ndinaseka pofotokozera anzanga, koma kunena zoona nditafika kuntchito majombo ndinavala mosemphanitsa. Musadandaule, ndizitsata m’mphepete kwambiri.

Anapiye otsala aja muwasamale.

Mzime wanu


29 Meyi

Amayi,

Moni. Ndikhulupirira muli bwino. Ndili pamzere wa malole pamalire, tsiku lachitatu, mapepala sanatuluke. Foni kuno sigwira. Ndiponya kalatayi papositi yapafupi.

Mzime anandiuza ndisananyamuke kuti anakutumizirani chikwama kuti mulimbitse lamba. Zikomo. Ndikufuna mudziwe chifukwa chake ndinamukakamiza chimenecho, chifukwa ndikudziwa kuti iye sachikonda.

Mukukumbukira chaka chatha ndinakhala kwanuko miyezi itatu, ndikuti msana ukuwawa? Sunali msana.

Unali m’mawa wa Juni, kusanayere, kuli chifunga. Ndinkayenda pang’onopang’ono, Mulungu ndi mboni. Ndinangomva kuti gu. Sindinaone kanthu, Amayi, ngakhale chithunzithunzi. Nditatsika ndinapeza bambo ali gone, njinga itapindika pansi pa lole. Anavala jekete lakuda, kumsana atabereka chikwama chakuda. M’chikwamamo munali makope a ana asukulu, ena atachongedwa, ena ayi. Anali mphunzitsi. Anatsirizika nditawagwira dzanja. Apolisi anayeza msewu, kukhoti anati ndilibe mlandu. Koma dzanja lija ndimalimvabe ndikagwira chiwongolero.

Anthu oyenda pansi amaganiza kuti poti iwo akuona magetsi athu, ifenso tikuwaona. Si choncho. Ukakhala pamwamba m’lole kuli chifunga, munthu wovala zakuda ndi phula la msewu n’chimodzimodzi. Ndipo lole yodzaza siima pomwe wapondera buleki, imakukoka mtunda wa bwalo la mpira. Chotipulumutsa ndi kanthu kakang’ono konyezimira. Kameneko timakaona tili kutali, phazi n’kuchoka lokha pamoto kupita pabuleki.

Nditamva kuti Mzime akuwoloka mlatho uja panjinga ndinasowa mtendere. Mlathowo ndimaudziwa, ngwopapatiza, ndipo chifunga chimagona pamenepo mpaka dzuwa litakwera. Tsiku lija m’galaja, nditayatsa magetsi n’kuona timizere tija tikuyaka kumsana kwake, ndinalira. Ndinamunamiza kuti ndi utsi. Kuyambira pamenepo ndiye ndikupezako tulo.

Iye musamuuze zimenezi, angachite mantha ndi msewu. Mungomulimbikitsa kuti asachisiye pakhomo ngakhale anzake amuseke. Inu amakumverani.

Mwana wanu,
Wachisamba


13 Juni

Mzime,

Usakwere njinga mawa. Ukangowerenga kalatayi usakwerenso mpaka utachita zimene ndikukuuzazi.

Kalata ya achimwene ako yagona papositi masabata awiri, ndailandira lero masana. Zimene alembazo adzakuuza okha. Ine ndingoti ndinalakwa. Safunsa anadya phula, ndipo phula limeneli ndadyetsa iwe. Timizere tija sitinali todzikongoletsera, ndi maso a oyendetsa malole, ndipo ine ndi manja angawa ndinawatseka.

Chotsa nsalu yakudayo lero lomwe. Tembenuza chikwama, pansi chakumanzere upeza mfundo ya ulusi wofiira, ndi pamene ndinamalizira. Yambira pamenepo ndi lezala. Sizisololoka zokha, uyenera kudula kamodzikamodzi, ndinachitira dala kuti ulephere. Ukaona kuti zikukuchedwetsa, tenga sizasi ung’ambe jeketelo pakati. Bambo ako sakwiya.

Aphunzitsi akuimbira kasanu kuchokera masana, foni yako akuti siikupezeka. Iwo akuti mwina yatha moto, kapena mwaitsekera m’kabati ya kuntchito monga mwa lamulo lanu. Ndikufuna kuwakhulupirira. Mizere yako iwiri ya Lachisanu lapitali ndinalandira, unati chifunga chikunkirankira ndipo kanyale sunagulebe. Ndaiwerenga kakhumi lero.

Sindingadikire amayi a nsalu. Ndipatsira kondakitala wa basi ya m’mawa, walonjeza kuti akafika nayo pakhomo pako. Undiyankhe kudzera mwa iye yemweyo, ngakhale liwu limodzi.

Amako


17 Juni

Wachisamba mwana wanga,

Ndikutumiza kalatayi kudepoti kwanu kuti uipeze pageti ukangofika. Aphunzitsi akuyesa foni yako, siikulowa. Werenga uli chokhala.

Mlongo wako sakuoneka kuyambira Lachiwiri.

Amayi a nsalu abwera lero kuchokera kutauni. Anapita kunyumba kwake dzulo, anapeza loko pachitseko, kalata yanga ya Lachiwiri ikusuzumira pansi pake, yosatsegula. Eni nyumba akuti anatuluka Lachiwiri m’mawa ndi njinga monga mwa masiku onse ndipo sanabwerere. Iwo ankayesa kuti wabwera kuno. Kufakitale mlonda anawabweza, akuti akuluakulu kulibe, abwere Lolemba.

Pobwerera anaima kwa mayi wina wogulitsa buledi pafupi ndi mlatho. Mayiyo akuti Lachiwiri m’mawa galimoto inagunda mzimayi wa panjinga pamenepo, anthu n’kumunyamula pa galimoto ina. Ena akuti ankapuma, ena akuti ayi. Amayi a nsalu anafunsa kuti, “Anavala zotani?” Iye anati, “Ndani akanaona m’chifunga chija? Zakuda zokhazokha.”

Tsopano imva chimene ndinachita, undide ukamaliza. Chikwama chako chachikasu chija sichachikasunso. Ndinachiveka jekete lakuda la bambo ako, ndinakwirira timizere tonse, osasiya ngakhale kamodzi. Ndinkaopa akuba. Ndinaona chikuwala n’kukumbuka bokosi lofiira lija, mutu n’kuima. Sindinakufunse chifukwa ndinkadziwa kuti ukana, ndipo ndinasoka mwamphamvu kuti mlongo wako asathe kumasula. Iye anakondwera nacho, n’kuti tikubisire. Anandilembera kuti lole inamukankhira kuchitsulo cha mlatho, wina n’kumutcha mzukwa, ine n’kungoti oyendetsa malole ndi amwano. Kalata imeneyo inkandiuza zonse, ine osamva.

Kalata yako inafika tsiku lomwelo Lachiwiri, masana. Ikanafika Lolemba.

Makina ndawaphimba, sindikutha kuwayang’ana. Mayi wina wabwera kudzatenga diresi lake laukwati, ndampatsa losapinda m’munsi. Njinga iliyonse ikadutsa pamsewu ndikutuluka. Ndikuopa, mwana wanga, ndikuopa kuposa tsiku limene anabwera ndi bambo ako pangolo.

Pita kuchipatala chachikulu. Ukapeza chimene ukapeze, undiuze chilungamo, usandinyengerere. Ndikapanda kumva kanthu pofika Lachinayi, Lachisanu ndikwera basi ndi amayi a nsalu, mawondo afune asafune.

Amako


21 Juni

Amayi,

Ali moyo. Ndayamba ndi zimenezo kuti mupume.

Ndinafika kudepoti dzulo, mlonda n’kundipatsa kalata yanu. Lole ndinaisiya pageti pomwepo injini ikulira. Kuchipatala ndinayambira kunyumba yachisoni, sindinali ndi mphamvu zoyambira kwina. Bambo wa kumeneko anatsegula buku lake n’kuyendetsa chala pang’onopang’ono, ine nditagwira khoma. Kenako anati, “Lachiwiri sitinalandire mzimayi. Kayeseni kuwodi.”

Ndinamupeza kuwodi ya amayi, bedi la pafupi ndi zenera. Dzanja lamanja lathyoka pawiri, lili m’chikhakha. Fupa la paphewa nalo linasweka, kumutu amusoka. Anakhala masiku atatu osadziwa kanthu, foni inaphwanyika pamsewu. Achipatala anapeza khadi lake lantchito n’kudziwitsa akufakitale, koma nambala imene iwowo anali nayo ndi yanga yokha, ine ndili kunja. Atandiona anati, “Achimwene, musakalipe.” Adokotala akuti achira.

Pambali pa bedi ndinapeza bambo wina wa imvi atakhala pampando, chipewa chili pamaondo. Ndi woyendetsa lole ya simenti, amabwera tsiku lililonse. Ndi amene anandifotokozera.

Akuti minibasi inapitirira lole yake pamlatho mothamanga, n’kukokera kumanzere msanga. Galasi lake lam’mbali ndi limene linamenya Mzime paphewa. Minibasiyo sinaime, mwina sanadziwe n’komwe. Mzime anagwa chagada n’kukhwekhwereka pa phula mpaka pakati pa msewu, kenako n’kugubuduka chafufumimba. Bamboyo kugwako sanakuone, anachita kumva pambuyo pake kwa anthu amene anali pamlathopo. Anali m’mbuyo ndi simenti yodzaza, kutsogolo kuli chifunga chokhachokha. Anati kwa ine, “Mwana wanga, ndinangoona kanthu kakuphethira pansi, kakang’ono ngati chikhatho. Sindinaganize, phazi linapita lokha.” Lole inakhwekhwereza matayala n’kuima. Atatsika anapeza tayala lakutsogolo lili phazi limodzi kuchokera pamutu pake.

Chikwama ndachiona, anachisunga pansi pa bedi. Pokhwekhwereka paja phula linadya nsalu yakuda pakati, kamzere kamodzi n’kutulukira. Ndayang’ana msoko wanu kuzungulira konse, Amayi. Sunamasuke ngakhale malo amodzi. Chimene chinagonja ndi jekete la bambo. Lakhala m’sutikesi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, linatha mphamvu, ndikalikoka ndi zala likungong’ambika. Mukanagula nsalu yatsopano kwa amayi a nsalu aja, bwenzi ndikukulemberani kalata ina.

Munati ndikudeni. Ndinakwiya, sindibisa. Ndinatuluka panja n’kukhala pa kapinga nthawi yaitali. Koma ndikanakuuzani chaka chatha za mphunzitsi uja, m’malo monamizira msana, simukanagwira singano. Ine ndinabisa, inu munabisa, Mzime anabisa, ndipo aliyense ankati akusamala mnzake. Ndamuuza zonse lero.

Musakwere basi Lachisanu lino, ndili naye ine. Ndapatsira mnzanga amene akudutsa kwanuko mawa.

Wachisamba


30 Juni

Amayi,

Pepani zilembo zokhotakhotazi, ndikulemba ndi dzanja lamanzere, zikuoneka ngati mwadutsa nkhuku. Anditulutsa Lachitatu, ndili kunyumba. Eni nyumba akundiphikira, Achimwene akuchapa, ndipo akuchapa moipa.

Makalata anu ndawerenga, ya pansi pa chitseko ija komanso imene munalembera Achimwene. Musadzizunze nokha. Amene anavina ataona chakuda uja ndine, amene anati tibise ndine, amene sanagule kanyale ndinenso.

Njinga aiwongola, ili pakhonde. Sindinaikhudzebe. Lole ikalira pamsewu ndimadzidzimuka ngakhale ndili m’nyumba. Koma ntchito andisungira, ndipo mlatho sausuntha. Chikhakha chikachoka ndiyenera kuwolokanso.

Ndakutumizirani chikwama. Achimwene amafuna kuchimasula okha, ndawaletsa. Chitani nacho monga mayi.

Mzime


6 Julayi

Mwana wanga Mzime,

Moni. Kalata yako ya nkhuku ndaiwerenga bwinobwino. Kuno tili bwino, anapiye asanu aja akula.

Chikwama ndamasula. Zinanditengera masiku awiri, kudula kamodzikamodzi ndi lezala, ndipo ndadzicheka chala kawiri. Kanali koyamba m’moyo wanga kutukwana msoko wanga womwe. Ndachichapa, ndachiyanika pachingwe, ndipo anthu odutsa pamsewu ankacheuka onse. Jekete latha, ndasungako thumba lake lokha, ndalisokera m’kati kuti uziikamobe makiyi.

Amayi a nsalu andipezera timalamba tonyezimira tija kutauni. Ndasokera pa juzi yako yobiriwira imene unaisiya kuno, kumsana ndi m’mikono, ndi tina tiwiri toti uzimanga m’miyendo. Kanyale kofiira achimwene ako agule, osati mawa.

Akuba ndikuwaopabe, sindikunamiza. Mantha amenewo ndidzafa nawo. N’chifukwa chake kalamba ka pachifuwa ndakasintha, ndaika chomangira chomasuka ndi chala chimodzi. Wina akadzakuimitsa, udzangodina, chikwama chigwe, iwe uzipita. Usadzalimbane naye ngati bambo ako. Wakuba akakuona atenga chikwama, koma woyendetsa lole akapanda kukuona atenga iwe.

Dzulo ndinabwereka tochi kwa aphunzitsi. Ndinatseka mazenera ndi zitseko masana, n’kupachika chikwama ndi juzi pa msomali wa kuchipinda, ine n’kukaima kukhomo lakutsogolo, kutali momwe nyumba ino ingathere. Ndi maso anga okalambawa, mumdima umenewo, ndinayatsa. Ndinakuona, mwana wanga. Ndinakuona bwinobwino.

Sindipatsira munthu. Mawa ndikwera basi ndi amayi a nsalu, ndidzakuveke ndekha. Ukadzayambanso kuwoloka, anzako aja adzati nthochi yapsa. Aziti chilichonse. Bola akuone.

Amako